Kanati ka njinga si chithumwa

"Tulutsani ndege yanu yaufitiyo, aZulu! Muno timapemphereramo!"

Anakuwa choncho Lachitatu lapitali ndi aTembo, mkulu wa mpingo amene amasunga makiyi a holo yathu kuno ku Katete. Ine n'kuti nditagwada, ndikutola zidutswa za phiko.

Ndegeyo ndinapanga ndekha ndi nsungwi, pepala la pulasitiki ndi kamota ka batire. Ili ndi zingwe ziwiri. Ndimaima pakati, iyo n'kumandizungulira. Ndikapinda dzanja imakwera, imatembenuka, imauluka chagada. Ndi yopepuka moti panja mphepo imaitenga ngati tsamba. Akandimana holo, zouluka zatha.

Tsono mvetserani. Ndege yotere imafunika kanthu kolemera pang'ono kuphiko lakunja, kuti izidzikokera kutali, zingwe zisakhwepe. Ndinayesa manati ambiri mpaka ndinapeza kanati koyenera, ka pa madigadi a njinga. Ndinakakulunga ndi tepi yakuda.

ATembo ataona kakuda kokulungidwa, basi, chithumwa! Nditatuluka kukatenga batire, anakadula n'kukaponya pawindo, osandiuza. Nditaiulutsa, zingwe zinakhwepa, ndege inataya njira, inawagwetsera chipewa, iyo pasimenti phwa!

"Mwaona? Yandilondola!"

"Yakulondolani poti mwaichotsa nati, bambo inu!"

Kodi kufunsa kumatupitsa pakamwa? Ana athu timawakalipira tsiku ndi tsiku kuti akhoze sayansi. Koma munthu wa imvi akapanga kanthu kouluka, ndiye kuti ndi mfiti, apo ayi mutu wasokonekera. M'thumba mwa aTembo muli foni. Amalankhula nayo ndi mwana wawo ku Lusaka popanda chingwe chilichonse, saiopa. Ndege yanga ya zingwe zooneka ndi maso ndiyo yawanjenjemeretsa. Chifukwa? Anaipanga ndi munthu amene amamudziwa pakhomo pake. Chochokera kutali timati nzeru. Cha mnansi timati mankhwala. Inu mukuwerenganu, mwadula zingati za anzanu musanafunse?

M'mawa mwake ndinakafufuza kanati kaja mu udzu kuseri kwa windo lija, ndinakapeza. Ndinalunjika kwa aTembo, ndinawapeza akupopa njinga. Ndinamasula tepi iwo akuona, n'kumanga kanatiko pa madigadi awo amene ankagwedera. Kanalowa bwinobwino.

"Chithumwa chija ndi ichi, akulu. Mwakhala mukuchikwera zaka zonsezi."

Kenako ndinatambasula dzanja, kudikira makiyi.