Zoterera za m'paipi yathu

Linali Lachitatu, nthawi ya 9 koloko m'mawa, mwezi wa chisanu, pamene khasu la alamu anga aamuna linadula paipi ya madzi kumunsi kwa dimba. Ine ndinali pampopi ndi ndowa, mwana ali kumbuyo. Madzi anangotsokomola kawiri n'kuleka.

Mwanayo anali akutsegula m'mimba kuyambira Lamulungu, ndipo sikanali koyamba. Chiyambireni kudya phala ndi kumwa madzi, ankangochira n'kudwalanso. Apongozi anga ankati ndi tsempho, ndipo akamanena ankayang'ana ine. Ndili pachitengwa, kwathu ndi ku Kasina.

Madzi athu amachokera kukasupe wa m'phiri, n'kutsika okha m'mapaipi mpaka pampopi. Mapaipi oyamba ndi achitsulo, anakwiriridwa ine ndisanabadwe. Pamene paphulika, azibambo amalumikiza ndi chimene chilipo: paipi yakuda yothirira mbatatesi, kapena yofewa yobiriwira ija amagula ku Chimbiya, n'kumanga ndi malegeni. Pena mapaipiwo amangoyenda pamtunda, dzuwa lili phwee.

Amayi onse tinatsikira kudimba kukaona. Khasu linagwera pamene yachitsulo imakumana ndi yofewa. Alamu anga anapisa chala m'yofewayo, ndipo chinatuluka ndi zinthu zoderako, zonanda, zonunkha ngati matope a padambo.

"Mlamu, bwerani mudzatenge therere lanu!" anandiitana. "Lero musavutike n'kuthyola ndiwo."

Amayi aja anaseka. Wina anati, "Chikhala chimenechi n'chimene chikukunenepetsani, bambo inu!"

Ine ndinasuzumira m'yachitsulo. Mkati munali dzimbiri lotupa ngati nkhanambo, bowo litatsala laling'ono, ndipo pamwamba pa dzimbiripo panali zoterera zomwezo. Ndinamva mwana akupuma motentha pamsana panga.

"Madzi oyenda sapha munthu," anatero apongozi. "Tamwa ife mpaka mano kutha. Alumikizeni, madziwo muwasiye atayike mpaka ayere."

Ndi mmene timachitira kwathu kuno. Madzi akatuluka ofiira timadikira, akayera timati apola. Analumikiza, anamanga malegeni, madzi anayera, aliyense anatunga. Inenso ndinatunga.

Pofika masana mwana anakana bere. Liwombo linalowa. Ndinamubereka n'kuyenda wapansi kupita kuchipatala, osatsanzika aliyense koma amuna anga amene anali kudimba. Kumeneko anamupatsa thanzi, madzi a mchere ndi shuga aja, pang'onopang'ono ndi supuni. Mayi wina, mlangizi wa zaumoyo, anandifunsa kumene timatunga madzi.

"Pampopi," ndinatero.

"Ndiye mpopi wake ngwabwino?"

Ndinayang'ana pansi. Kenaka ndinawauza zimene ndinaona, motsitsa mawu, mpaka anachita kusendera kuti amve.

"Zimenezo ndi nyumba ya tizilombo," anatero. "Timamata kukhoma kwa paipi n'kudzifunditsa zotererazo. M'chitsulo chadzimbiri timapeza mapanga obisalamo. Paipi yofewa ija ndiye timaikonda, makamaka ikamatenthedwa ndi dzuwa. Sinapangidwire madzi akumwa. Zikachuluka zimanyotsoka n'kubwera m'ndowa yanu, madzi akuoneka oyera bwinobwino."

"Sitingatsuke?"

"Achemwali, mutsuka bwanji paipi yochokera kuphiri? Ngakhale mankhwala othira m'madzi salowa bwino pansi pa zotererazo. Pamafunika mapaipi olimba apulasitiki opangidwira madzi akumwa, okwiriridwa bwino, ndipo nawonso amamera zimenezi akapanda kusamalidwa. Kauzeni a komiti ya madzi. Pakali pano muziwiritsa."

A komiti ya madzi ndi azibambo akuluakulu, mmodzi ndi malume awo a amuna anga. Chikwatiwireni sindinayankhulepo nawo kupitirira moni, nditagwada.

Tinabwerera dzuwa likulowa, nkhungu itayamba kutsika. Mwana anali atayamwako pang'ono. Ndinawauza amuna anga zonse, tili awiri kuseri kwa nkhokwe.

"Ndamva, mayi a mwana," anatero. "Koma nkhani ya mapaipi imakambidwa chaka chilichonse tikakumba mbatatesi. Ikakambidwa imathera pomwepo. Ndiye ine ndikaime pamaso pa amalume kuti mkazi wanga wati mapaipi anu ndi oipa?"

Apongozi anamva kuti ndikufuna kuwiritsa madzi. Nkhuni kwathu kuno n'zosowa, phiri linatha kale mitengo, ndipo mtolo umene unalipo unali wawo.

"Nkhuni zanga zophikira madzi?" anafunsa. "Mwana ameneyu vuto lake mukulidziwa inu ndi amuna anu. Musanamizire mpopi."

Ndinangoti, "Chabwino, amayi."

Kutacha ndinadzuka chisanu chili m'mafupa, ndinatenga ndowa n'kupita pampopi pomwepo, chifukwa kulibe kwina. Chitsime cha kudambo amamwetserako ng'ombe. Madzi anatuluka oyera mbee. Pobwera ndinatola zitsononkho za chimanga ndi mapesi onyowa ndi mame kuseri kwa khola. Zinafuka utsi nthawi yaitali zisanayake. Ndinawiritsa kapoto kamodzi, kokwanira mwana yekha tsiku limenelo, ndinakavundikira ndi mbale n'kukabisa pansi pa bedi. Otsala m'ndowa ndinathira mumtsuko wa banja lonse. Ndinali ndi ludzu, ndinatunga kapu imodzi n'kumwa.