Tadala anawerengera onyamula bokosi la bambo ake

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamatailosi. M'fulati ya mlongo wanga ku Al Nahda, kuno ku Dubai, tinali titapanikizana ngati matemba, ndipo nyimbo za maliro tinaimba chapansipansi kuopa aneba. Kuno sitikoleza moto panja. Amayi ankaphikira pa gasi, akumasinthana mapoto.

Tinkaika alamu anga, amuna a mlongo wangayo. Anali a ku America. Kwawo ankasewera mpira wawo wosongoka mbali ziwiri uja, ndipo anali kotabeki, munthu amene amafuula chiwerengero kuti anzake onse anyamuke pamodzi, kenako n'kuponya mpirawo. Anatchuka ali kukoleji, analowa timu yaikulu, koma phewa linawakana asanafike patali. Anabwera ku Dubai kudzaphunzitsa masewera pasukulu ina, n'kukumana ndi mlongo wanga akulera ana a eni. Ine kwa zaka ndinkauza abale kumudzi kuti alamu anali goloboyi, poti mpira ankaugwira ndi manja.

Nkhawa yanga inali pa Tadala, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwali wa kusekondale. Chimwalirireni bambo ake ndi matenda a mtima, sanayankhule ndi munthu, ngakhale kulira sanalire. Monga malume ake, ndinkaopa kuti mwanayu atitayika tikumuona.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ambiri ali mu yunifomu, atangopempha maola ochepa kuntchito. Inafikanso timu ya ku Al Quoz, alonda ndi okolopa m'mahotela amene alamu ankawaphunzitsa mpirawo Lamlungu lililonse pabwalo la mchenga kuseri kwa magalaja. Mmodzi wa ku Pakistan anabwera ndi beseni la mpunga wa biriyani.

Kumanda tinafika kutatentha kale, mphepo ikutithira mchenga m'maso. Adzukulu kuno kulibe, choncho timuyo inapempha kunyamula bokosi. Anali amuna asanu ndi mmodzi a maiko osiyana, ena aatali, ena aafupi. Wina anati "yalla" m'Chiarabu, wina "tiyeni", bokosi n'kudzuka mbali imodzi. Analitsitsa. Kachiwiri linapendamanso. Mlongo wanga anabisa nkhope m'chitenje, ine manyazi anandigwira.

Tadala anatuluka pakati pa amayi. Kwathu mtsikana sayandikira onyamula maliro, ndipo mayi wina anamugwira dzanja, koma ndinawapukusira mutu kuti amusiye. Anaima kumutu kwa bokosi, anawerama pang'ono, n'kufuula mawu omwe bambo ake ankafuula pabwalo paja. Amunawo anawerama onse pamodzi, ndipo atafuula kachitatu bokosi linanyamuka lowongoka. Anayenda nawo mpaka kudzenje akuwawerengera. Dothi loyamba litagwa Tadala analira kwambiri, ndipo pamenepo mtima wanga unakhala pansi.

Madzulo m'nyumba munali zii. Anthu anali atabwerera kuntchito, mlongo wanga atagona. Ndikupinda mabulangete, Tadala anatulukira ndi mpira wa bambo ake.

"Malume, Lamlungu muli pa ofu?"

"Ndikhoza kupempha, mwanawe."

"Mundiperekeze ku Al Quoz. Anthu aja alibe wowaponyera."

Anandiponyera mpirawo. Unandipulumuka m'manja n'kukagwetsa kapu patebulo. Anaseka, maso akadali ofiira.

"Inunso mukaima pamzere, malume. Tikayamba ndi inuyo."