Nkhuti ya ku Ching'ambo

Ndinafika ku Mzuzu nthawi ya chitaganya, boma litanditumiza kudzakhala kapitawo wa anthu okonza misewu. Tauni inali isanakule. Tinkakhala ku Ching'ambo, m'nyumba yaudzu, dambo lili pafupi. Kwathu ndi ku Dowa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo masiku amenewo Sitandade 5 sanali masewera. Kuuzidwa zochita sindinkakonda. Chitumbuka ndinkachimva, koma ndinkayankha m'Chichewa.

Chaka chachiwiri akazi anga anali oyembekezera mwana wathu woyamba. Masiku awo ankayenera kukwana mu Okutobala, mwezi umene ndiwo zimasowa. Anali ofooka, miyendo yotupa, moti kumsika sakanafika. Chakudya cha miyezi imeneyo chinayenera kusungidwa nthawi ikadalipo, ndipo ndinati imeneyo ndi ntchito yanga.

Kuseri kwa nyumba ndinalima mbatata, maungu, khobwe ndi matimati. Zinabereka bwino. Mu Meyi ndinakumba nkhuti monga ankachitira bambo anga: dzenje lolekeza m'chiuno, phulusa pansi, mbatata, phulusa, mbatata, kenaka udzu ndi dothi pamwamba. Chitambe akazi anga anafutsa, ine n'kuyanika pamphasa.

Tinayandikana ndi mayi wina wa ku Nkhata Bay, mkazi wa dalaivala wa lole, wamfupi, wapakamwa. Anandipeza ndikukwirira.

"Monire adada. Maliro ngandani?"

"Ndi nkhuti iyi, mayi. Kwathu timasunga chonchi."

"Kwanu mvula imatha. Kuno imangopumula. Dothi ili mukalifinya lidontha."

"Ndimakonza misewu ine. Dothi ndimalidziwa."

"Eya, nchifukwa chake malole amatitimira," anatero, n'kumapita akuseka.

Ndinauza akazi anga kuti asamamvere zapampanda.

Juni yense kunali mvula yamawawa. Julayi chifunga chinkafika mpaka masana. Mfutso sunaume bwino, koma ndinaumanga ndithu m'chikwatu n'kupachika pakhonde.

Mu Seputembala ndinafukula nkhuti ija. Fungo linatsogola. Mbatata inali phala lakuda, madzi ali tho pansi. Sindinatolemo ngakhale imodzi. Nditamasula chikwatu ndinapeza chuku chokhachokha. Mwezi unali utatsala umodzi kuti mwana abadwe.

Ndinakawauza akazi anga mosazungulira. Sanadandaule. Anadzuka pamphasa movutikira n'kunena kuti, "Tabwerani kukhitchini, bambo."

Mwamuna wa nthawi yathu sankalowa m'khitchini. Yathu inali kanyumba kapadera, ndipo chimangireni ndinali ndisanapondemo. Ndinawerama n'kulowa.

Pamwamba pa mafuwa panali tsanja lansungwi limene sindinamange ine. Pamenepo panali mbatata yosenga, youma gwa ndi kutentha kwa moto. Panali mfutso wina m'lichero, wouma mofumbutuka. Maungu anali ndandanda, lililonse ndi phesi lake, osakhudzana. Pakona panali chitini chodzaza phulusa louma. Akazi anga anapisamo dzanja n'kutulutsa tomato wofiira, wolimba ngati wathyoledwa dzulo.

"Zachokera kuti izi?"

"M'munda mwanu momwemo. Madengu atatu sanafike kunkhuti."

"Nanga tsanjali?"

"Anamanga ndi anzanga oyandikana nawowa, inu muli kumsewu. Amati kuno chosungira chakudya ndi moto, osati nthaka. Amabwera kawirikawiri kudzatembenuza maungu, lina likayamba banga timadya lomwelo."

Sindinakalipe. Ndikanakalipira chiyani?

Mwana anabadwa, wamkazi. Mayi ake ankadya mfutso wotendera, maungu ndi mbatata yonyika yophika, ndipo mkaka sunasowe. Zinatifikitsa mpaka bonongwe atamera.

Tsiku lina m'mawa ndinapita pampanda, ndinapeza mayi wa ku Nkhata Bay uja, ndinavula chipewa.

"Yewo chomene, amama."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ehe, a kapitawo! Chitumbuka munachisunganso m'nkhuti?"

Loweruka ndinatenga fosholo yanga n'kukumba ngalande kuzungulira nyumba yawo, chifukwa madzi ankawalowera pakhomo. Imeneyo ndiye ntchito imene ndinkaidziwa. Nyumba yawo sinalowenso madzi.

Ndakhala m'nyumba zinayi chichokereni ku Ching'ambo. Paliponse tsanja ndinkamanga ndekha, denga la khitchini lisanathe. Mwana uja tsopano ali ndi adzukulu, ndiponso ali ndi firiji. Magetsi akazima amabwera kudzatenga matimati m'chitini mwanga.