Mathireyi a mazira andilanditsa chipinda

K180,000 kuti munthu adzamate mathireyi a mazira pakhoma langa! Inu a shopu ya masipika ija ya ku Limbe, manyazi mulibe?

Anzanga, tamvani. Kwathu ku Chirimba ndili ndi kachipinda komwe ndimamveramo nyimbo ndikaweruka. Mowa sindimwa, mpira sinditsata, changa n'chimenechi basi. Vuto linali besi. Chipinda chonse chimalindima, gitala osamveka kuti ikuimba chiyani, kungoti buu! buu! mpaka makapu kumagundana m'kabati. Mayi a kunyumba anatopa nazo. Anati, "Bambo a Tadala, mwezi umodzi. Konzani phokosoli, apo ayi chipindachi nditenga ine."

Lachiwiri 10 koloko ndinali pashopupo. Abwana ake anati zimenezo n'zazing'ono, ali ndi injiniya wodziwa. Ndinalipira pompo.

Lachinayi injiniya uja anatulukira pa kabaza, kumbuyo atamanga mulu wa mathireyi. Ena ali ndi nthenga zomwe! Ndinati achimwene, zipangizo zili kuti? Ati n'zomwezi, aliyense amamata zimenezi. Ndinamuuza kuti besi ikuunjikana m'makona, aime pakona amve yekha. Ati ine ndizidziwa za ku ofesi, za mawu ndimusiyire iyeyo.

Anamata makoma onse, makona osawakhudza n'komwe. Titayatsa nyimbo, buu! yemwe uja. Ati guluu akauma zisintha. Guluu? Guluu anayamba liti kumva nyimbo?

Patatha masabata awiri chomwe chinasintha ndi mphemvu. Zinapeza nyumba zaulere.

Ndinabwererako kawiri. Koyamba anati injiniya ali kumaliro. Kachiwiri ndinaima kuyambira 2 koloko mpaka hafu 4, kenako mayi wa pakauntala n'kundiuza kuti mwina vuto ndi makutu anga, ndizingochepetsa voliyumu. Ndinapsa mtima, sindinama. Ndiye ndinakwera minibasi ziwiri kuti mudzandiphunzitse kuchepetsa voliyumu?

Mwezi unatha. Mayi a Tadala sanachedwe. Analowetsa mabelo awo a kaunjika, n'kuwasanja m'makona onse anayi mpaka kudenga. Ine ndinayatsa nyimbo komaliza kuti nditsanzike, mtima ukuwawa.

Abale inu! Besi yoyera bwinobwino, chingwe chilichonse kumveka pachokha, kabati ili zii. Majuzi ndi mabulangete akale agwira ntchito imene injiniya wanu inamukanika. Koma ndisangalale chiyani? Kiyi ali m'chikwama cha mayi, masipika anga ali pansi pa bedi.

Ndiye mverani. Loweruka 9 koloko ndikubwera ndi mathireyi anu onse m'thumba, ndi mphemvu zake zomwe. Ndidzaima pakhomo panupo. Aliyense wolowa ndizidzamugawira thireyi imodzi n'kumuuza kuti zipangizo zanu ndi zimenezi, aganize bwino asanatulutse ndalama.

Itanani alonda, itanani apolisi ngati mukufuna. Chipinda chandipita kale, ndiopenso chiyani?