Tsiku Limene Mphenzi Inagwa M'munda mwa a Imelda

A Imelda Mbewe a ku Pembamoyo ankalima chimanga ndi nshawa pamodzi ndi amuna awo, a Zebron. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Melody, amene anabadwa iwo atadikira zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho Melody anali atangolemba mayeso a giredi 12.

Linali tsiku la mu Disembala, dzuwa lili paliwombo. Atatuwo anali kumunda, bambo atagwira pulawo, Melody akutsogolera ng'ombe, mayi akuponya mbewu pambuyo. Mvula itayamba kudontha, a Zebron anakokera ng'ombe pansi pa mtengo wa mango. Melody anathamangira komweko akuseka.

"Amayi, bwerani, munyowa!"

"Ndikubwera, ndiyambe ndavundikira mbewu."

A Imelda anawerama kuti aphimbe thumba ndi chitenje. Kunangowala kamodzi, ndipo anapezeka ali chagada m'mizere, m'makutu mukulira. Atadzuka anaona mtengo wang'ambika pakati, ukufuka utsi. Ng'ombe zonse ziwiri zinali pansi, zikadali m'goli. A Zebron anali chafufumimba. Melody anali atatsamira tsinde, maso ali otsegula, nsapato yake imodzi itagwera kutali.

Anthu anathamanga kuchokera m'minda yoyandikana, koma atafika anaima patali. Ankaopa kuti mphenziyo ikadali m'matupimo. Amuna akuluakulu anangogwira pakamwa. A Imelda anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Kodi palibe wondigwirira kumiyendo?"

A Imelda anamugwira mwana wawo m'khwapa n'kuyamba kumukoka m'matope. Pamenepo a Jenipher, mlongo wa a Zebron, anataya khasu n'kubwera kudzagwira miyendo. Azimayi awiriwo anamunyamula okha mpaka panjira, kenako anabwerera kukatenga bambo.

Pamaliro a Imelda sanalire. Ankangoyang'ana khoma. Khutu lakumanzere linali litasiya kumva, ndipo kukiliniki anawauza kuti silidzamvanso. Kukagunda, ankakwawira pansi pa tebulo atagwira mutu. A Jenipher anasamukira m'nyumbamo, ndipo mabingu akayamba nawonso ankalowa pansi pa tebulopo, n'kukhala nawo mpaka mvula itakata.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, mphunzitsi wina wamkazi anabwera panjinga ndi pepala. Melody anali atakhoza bwino, moti akanatha kukaphunzira unamwino. A Imelda anawerenga dzinalo kangapo, n'kupinda pepalalo.

"Zikomo, amadamu. Mwini wake wachokapo."

Mphunzitsiyo ndi amene analira.

Kumunda kuja sanapondekonso. Pulawo inachita dzimbiri pomwe inasiyidwa. Azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi anawapalirira mbali imene inali itabzalidwa, ndipo chimanga chimenecho ndi chimene anadya chaka chonse.

Mu Febuluwale wa chaka chotsatira, mtsikana wa m'mudzi woyandikana anakokoloka ndi mtsinje pochokera kusukulu. Anapezeka patapita masiku atatu, atakodwa m'mabango. A Imelda atamva, anatenga sopo ndi zitenje ziwiri n'kunyamuka, a Jenipher akuwalondola modabwa. Anapeza mayi wa mtsikanayo, a Misozi, atagwada okha pambali pa thupi lotupa, anthu ataphimba mphuno chapatali.

"Mayi, sunthani pang'ono," anatero a Imelda. "Ine ndigwira kumutu. Inu musayang'ane nkhope, gwirani dzanja lokha."

Anamusambitsa, kumupesa tsitsi ndi kumukulunga. Atamaliza, a Imelda anazungulira kuseri kwa nyumba, anasanza, kenako analira mokuwa, akuitana Melody, mpaka mawu anasasa. A Jenipher anaima pakona, akubweza aliyense wofuna kukawatonthoza.

Kuyambira pamenepo, imfa ikakhala yoopsa, ya ngozi ya pamsewu kapena ya moto, anthu amatumiza uthenga kwa a Imelda. Sakana. Panopa amalima kamunda kakufupi ndi nyumba ndipo amaweta mbuzi zisanu ndi imodzi. A Misozi amabwera pafupipafupi kudzawathandiza kutong'ola chimanga, ndipo azimayi awiriwo amakhala pamphasa masana onse. Mwezi watha anapita limodzi ku Mlolo panjinga, kukasambitsa mwamuna wina amene khoma la chitsime linamugwera.