Ndinalanda Mwana Wanga Thumba la Matemba

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga woyamba ndi manja anga omwe, osati chifukwa cha mowa kapena nkhanza, koma chifukwa chodzimva kuti ndine wophunzira. Nkhaniyi ndaisunga mumtima zaka zoposa makumi awiri. Chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi mawu amene analankhulidwa mwezi watha pa ukwati wa mwanayo. Malume ake anaimirira nauza anthu kuti mkwatibwi ali moyo chifukwa cha nzeru za bambo ake, aphunzitsi, amene anawerenga m'mabuku njira yodyetsera mwana wokana kudya. Anthu anawomba m'manja, ine n'kuwerama ngati munthu woyenera ulemuwo. Kumene kunkaphikidwa zakudya, amayi ena ankanong'onezana zina, zoti mwanayo anali ndi tsempho ndipo anachira ndi mankhwala a sing'anga wa ku chilumba cha Chisi. Nkhani ziwiri zonsezi n'zabodza. Anthu a kuno amandidziwa kuti sindilola munthu kulakwitsa ngakhale dzina la mtsinje ine ndili pomwepo, koma bodza loyambalo, poti linkandikomera, ndakhala ndikulilekerera. Lero ndikufuna kuliwongola.

Ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, patangopita zaka zochepa dziko lathu litalandira ufulu wodzilamulira. Masiku amenewo anthu ofika ku sekondale tinkawerengeka ndi zala m'dera lonselo, ndipo ine sindinkalola kuti wina aiwale zimenezo. Mkazi wanga anali wa m'mudzi momwemo, wosadziwa kulemba dzina lake. Ntchito yake inali kuyanika matemba pa doko pamodzi ndi amayi anzake.

Mwana wathu, Esinati, anayamwa bwino ndipo anali wonenepa. Mavuto anayamba pamene mayi ake anaima mimba yachiwiri, n'kumusiyitsa bere ali pafupi kukwanitsa zaka ziwiri. Phala ankalikana kuyambira kale, koma tinkati bere likumukwanira. Tsopano tinaona kuti kukana kwake sikunali kwa ana ena onse. Akangoona mbale ya phala ikubwera, mseru unkamugwira asanalawe n'komwe. Nsima ikamukhudza chala, ankakuwa ngati wapsa, n'kumapukuta dzanja pansi mpaka kunyuka. Nthochi yakupsa, dzungu, mbatata yophika, chilichonse chofewa kapena chonyowa chinali mdani wake. Matope sankapondamo, ngakhale tinkakhala dera la matope okhaokha. Mtondo ukayamba kulira ankatseka makutu, ndipo diresi lokhala ndi kolala ankalikoka mpaka kuling'amba.

Chinthu chimodzi chokha ankadya. Tsiku lina ali ku doko ndi mayi ake, anatola katemba kouma kamene kanagwa pa thandala loyanikira nsomba, n'kukatafuna. Anatolanso kena. Kuyambira pamenepo chakudya chake chinali matemba ouma, okazinga pa phale popanda mafuta mpaka kukhukhuluka m'kamwa, ndi madzi akumwa m'kapu imodzi ya malata. Sankanenepa, koma ankayenda ndi kusewera.

Mkazi wanga anakondwa, koma ine ndinachita manyazi. Ndinali ndi buku la zaumoyo limene tinkaphunzira ku sukulu ya uphunzitsi, ndipo linkanena momveka kuti mwana wosiya bere adye phala kangapo pa tsiku. Ana a sukulu ndinkawaphunzitsa zomwezo. Nanga zikanatheka bwanji kuti mwana wa mphunzitsi azikhalira tinsomba touma ngati mphaka wa pa doko? Ndinagamula kuti ndi makani chabe, ndipo kuti mayi ake ndiwo akumulekerera.

Chaka chimenecho ndi chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Inu achinyamata, akuluakulu amene amati anthu ankapita ku Chisi wapansi sanama ayi, ndinaona ndi maso angawa. Madzi atangoyamba kuthawa, asodzi akadali kunena kuti abwerera, mkazi wanga anali ataona kale kumene zinthu zikupita. Pa nsomba zilizonse zimene ankayanika ankapatulako pang'ono, mpaka anadzaza thumba lalikulu, n'kulipachika kudenga la khitchini. Ankati limenelo limufikitsa mwana ku mvula ina. Pamene thumbalo linkadzaza, mabwato anali atagona pa matope ong'ambika, ndipo asodzi ambiri anali atasamukira ku nyanja zina.

Loweruka lina m'mawa ndinatsitsa thumbalo, n'kulimanga pa njinga. Ndinauza mkazi wanga kuti palibe mwana amene angadziphe ndi njala chakudya chili patsogolo pake, ndipo kuti matembawo akangochoka m'nyumba, phala lilowa lokha. Iye anagwira chishalo cha njinga, nalankhula motsitsa mawu.

"Abambo ake Esinati, mwanayu sakuchita makani. Akuopa."

Ndinamufunsa ngati zimenezo anaziwerenga m'buku liti. Anachotsa dzanja. Ndinapalasa mpaka ku Zomba, n'kukapereka thumba lonselo kwa mlongo wanga amene anali ndi ana ambiri.

Lamulungu mwana sanadye. Lolemba sanadye. Ankangoimirira pakhomo la khitchini n'kumaloza kudenga. Mayi ake atapempha kuti akafunefune matemba kwa anzawo, ndinawaletsa, ndikuti tatsala pang'ono kupambana. Lachiwiri, tsiku lachitatu, nditaweruka ku sukulu ndinamupeza atagona pa mphasa, osalira n'komwe. M'malo mochita mantha, ndinapsa mtima. Ndinamugoneka pamiyendo panga monga ndinkaonera amayi akumidzi akuchitira, ndinakunga chikhatho pansi pa mlomo wake, n'kuthiramo phala lamadzimadzi. Atakukuta mano, ndinamutsina mphuno kuti ayasamule. Anayasamuladi pofuna mpweya, ndipo phala linalowa. Anatsamwa, maso anatembenuka, milomo inada. Mkazi wanga, amene anali asanandikankhepo chikwatirane, anandikankha ndi mphamvu, n'kumulanda mwanayo.

Patapita masiku awiri thupi linatentha, ndipo kupuma kwake kunkamveka uli panja. Tinakwera lole kupita ku chipatala ku Zomba. Kumeneko anatiuza kuti phala linalowera njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Atafunsa amene anamudyetsa motero, mkazi wanga anangoyang'ana pansi, ndipo anamwino anamukalipira iyeyo. Ine ndinaima pomwepo, nditavala tayi, osaulula kuti wolakwa ndinali ine.

Majekeseni anachiza chibayo, ndipo achipatala anamusunga moyo pomudyetsera m'kapaipi ka m'mphuno. Koma kapaipiko sitikanapita nako kumudzi. Ndinathamangira kwa mlongo wanga, ndinapeza thumba lija litapindidwa pakona, matemba atadyedwa ndi kugawidwa kwa anansi. Ndinagula usipa wa ku Mangochi pa msika. Mwana anaununkhiza kamodzi n'kuutaya. Tinabwerera kwathu ndi mwana wongomwa madzi a shuga, khungu likulendewera m'matako, tsitsi likufiira.

Mawa lake mkazi wanga sanandipemphenso chilolezo. Ali ndi mimba yake ija, anayenda khomo ndi khomo kwa amayi oyanika nsomba, ine ndikumutsatira pambuyo ngati mlendo. Ambiri analibe kanthu. Amene anatithandiza anali Abiti Saidi, mayi wachikulire wa Chisilamu amene ankayanika moyandikana naye. Anatulutsa kansengwa ka matemba kamene ankasungira banja lake, nakapereka m'manja mwa mkazi wanga, kenako n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

"Aphunzitsi, kodi buku lanu lija linaberekapo ana angati?"

Tinabwerera kunyumba ndi kansengwako, ine ndili pambuyo.

Tsopano mumve bwino, inu owerenga, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokoneza. Mkazi wanga anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kutali ndi phokoso. Anakhala cham'mbali mwa mwanayo, osamuyang'ana kumaso, osamunyengerera, namadya katemba kamodzikamodzi mokhukhuluza, tina ataika pa mphasa pakati pawo. Tsiku loyamba mwana anangoyang'ana. Tsiku lachiwiri anatola kamodzi, n'kukafumbata mpaka madzulo. Tsiku lachitatu anakadya.

Koma kansengwa si thumba. Mkazi wanga anadziwa kuti sikangathe milungu iwiri, ndipo nyanja inali fumbi. Apa ndi pamene anaonetsa nzeru imene ine sindinaiphunzire ku sekondale. Iye anali atazindikira kuti mwanayo sankakonda nsomba ayi. Ankakonda chouma, cholira pansi pa mano, chosamata m'manja. Anakumbukira kuti tsiku lina anamuona akulimbirana ndi nkhuku nkhoko zouma za pansi pa mphika zija, ndipo kuti ine ndinamumenya padzanja kuti ataye. Choncho anayamba kuphika nkhoko mwadala. Ankasinja matemba pang'ono kukhala ufa, ndipo ankakasinjira kwa apongozi anga kuti mwana asamve mtondo. Ufawo ankauthira m'phala la mgaiwa, n'kulipaka mopyapyala pa phale lomwe lija, n'kulitenthetsa pa makala ofatsa mpaka kuuma gwa. Kenako ankaliphwanya tizidutswa titalititali, tofanana ndi matemba, n'kutisakaniza ndi matemba enieni pa mphasa.

Mwana anatola kachidutswa, anakanunkhiza nthawi yaitali, n'kukaluma. Ine ndinali kusuzumira pa zenera, chifukwa akandiona ankabisala kumbuyo kwa mayi ake.

Kuchokera pamenepo mkazi wanga ankachepetsa ufa wa matemba pang'onopang'ono, n'kumawonjezera nsinjiro. Nsinjiro zitazolowereka anathiramo ufa wa khobwe, kenako mfutso wosinja, kenako dzira. Sankasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mwana akakana, sankakalipa kapena kudandaula. Ankangobwerera pamene anali dzulo, n'kudikira masiku angapo. Tsiku limene kansengwa kanatha, Esinati sanazindikire n'komwe. Mayiyo anachita zimenezi katatu pa tsiku mpaka anabereka mwana wachiwiri, ndipo atangodzuka m'chikuta anabwerera pa phale, khanda lili kumsana. Patapita miyezi anayamba kusiya mbali imodzi ya nkhoko yofewerako. Anamupatsa supuni kuti zala zisakhudze chakudya. Pamene madzi ankabwerera m'nyanja, mwana wathu anali akudya mpunga wophika mouma, ndipo masaya anali atabwerera.

Za sing'anga wa ku Chisi, zoona zake n'zakuti apongozi anga anayendadi wapansi kukatenga kachingwe komanga m'chiuno. Koma mwana amene sankapirira kolala akanapirira bwanji chingwe? Anakadula tsiku lomwelo. Za buku langa, zoona zake n'zakuti amayi a m'mudzi ataona mwana wachira, anaganiza kuti njira yochokera m'nyumba ya mphunzitsi iyenera kukhala ya mphunzitsi. Ndinaifotokoza ngakhale pa msonkhano wa amayi, nditaima kutsogolo, mwini wake atakhala pansi kumbuyo, ndipo sindinamutchule. Iye sanandiulule, monga momwe sanandiululire kwa anamwino aja.

Chilango changa chinachokera kwa mwana. Kwa chaka chathunthu sankadya ine ndili pafupi, moti ndinkadyera ndekha pakhonde. Lero Esinati ndi mayi wamphamvu, amasoka zovala, ndipo wakwatiwa ndi mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Likangala. M'matope salowa mpaka pano, ndipo nsima amadya ndi supuni. Ameneyo ndi mmene analengedwera, ndipo sizinamulepheretse kanthu.

Makolo anzanga, si mwana aliyense amene njala ingamugonjetse. Alipo ana amene chakudya chofewa chimawaopsa monga moto umaopsera inu, ndipo angafooke mpaka kufa mbale ili pambali pawo. Mwana wotere musamulande chimene akudya, ngakhale chikhale chonyozeka chotani. Yambirani pa chimenecho. Musamutsine mphuno, chifukwa phala lolowa mokakamiza limasochera. Pitani naye ku chipatala thupi lisanathe, ndipo mukanene zoona. Inu abambo ophunzira, buku langa silinaname, koma wolemba wake sanamuonepo Esinati. Amene ankamudziwa ndi amene ankaswera naye tsiku lonse.

Ndisanatumize kalatayi ndinamuwerengera mkazi wanga, pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Anamvetsera akusankha mpunga m'lichero. Nditamaliza ndinamufunsa ngati pali polakwika, ndikuyembekeza kuti palibe.

"Mwalemba bwino, aphunzitsi, koma masiku aja sanali atatu. Anali anayi. Loweruka simunaliwerenge chifukwa inu munakadya ku Zomba."

Ndasiya cholakwacho momwe ndinachilembera, kuti muone nokha kuti ngakhale lero, pa nkhani ya mwana wathu, wodziwa kuwerenga m'nyumba muno si ine.