Mtima wa Msilikali

Zaka zimenezo tinkakhala ku Chikwa. Amuna anga ankaphunzitsa pa pulayimale, ine ndinkalima kadimba kuseri kwa nyumba. Moyandikana nafe munkakhala namwino wochokera ku Chipata, mayi wolankhula ngati akukalipa ngakhale popereka moni. Ndiye anandiphunzitsa kugwira mtsempha wa pamkono pomvera kugunda kwa mtima, tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde.

Nditakayesa ndekha kunyumba, mtima wanga unandiopsa. Ndikakoka mpweya unkathamanga, ndikautulutsa unkachedwa. Ndinagwira wa amuna anga. Wawo unkagunda mofanana, osafulumira, osachedwa, ngakhale apume mozama bwanji. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Waona? Wako ni wa mantha. Wanga ni wa msilikali."

Zinandikwiyitsa, koma ndinawakhulupirira. Ndikanakana bwanji? Anali munthu wa thupi, khosi lonona, wopalasa njinga mpaka ku boma ku Chama pakakhala msonkhano wa aphunzitsi. Makolo a ana ankati aphunzitsi akudya bwino. Ine wowonda ngati phesi ndinayamba kuyenda mosamala, ndowa ya madzi ndikusenza yosadzaza.

Mantha atandikwana ndinabwerera kwa namwino uja. Anandigwira pamkono, nandiuza kuti ndipume kwambiri, kenako anaseka.

"Amai, mukudwala chani imwe? Mtima wa munthu wabwinobwino umamvera mpweya. Umasinthasintha, na mitsempha ya magazi imatseguka mofewa. Onani."

Anafinya chikhadabo changa mpaka chinayera. Atangosiya, chinafiiranso nthawi yomweyo. Ndinapepukidwa kwambiri moti pakamwa panamasuka. Ndinamuuza moseka za msilikali wa kunyumba kwanga, amene mtima wake sugwedezeka ndi kanthu.

Iye sanaseke. Anandifunsa ngati amuna anga amamwa madzi kwambiri. Inde, ankatha chidebe. Ngati amapita kukataya madzi pafupipafupi. Inde. Ngati mapazi amachita dzanzi, ngati amamva chizungulire akadzuka pampando. Zonsezi ndinayankha inde.

"Apite ku Chama akapimitse shuga," anatero. "Manje manje, mvula ikalibe kutseka njira. Pano tilibe zopimira."

Amuna angawo anali ouma mutu, Mulungu ndi mboni. Anati ana akulemba mayeso, sangasiye kalasi chifukwa cha nkhani za azimayi za pakhonde. Ndinawanyengerera, ndinalira, ndinanyanyala kuwaphikira. Anangodzimenya pachifuwa.

"Nizapita tikatseka sukulu. Munthu wodwala amaoneka so?"

Chaka chimenecho mvula sinadikire kuti sukulu itseke. Inagwa usana ndi usiku, mitsinje inadzaza, msewu wa ku Chama unasanduka phala. Galimoto zinasiya kubwera. Ngakhale njinga inkangotsamira khoma, matayala ali matope.

M'mawa wina ndinawaona akudzuka pampando n'kugwira chitseko, maso atatseka. Anaima choncho kwa kanthawi, akuganiza kuti sindikuwaona. Ndinapita n'kuwagwira dzanja ngati ndikufuna kuchotsa kaminga. Linali lozizira. Pamkono mtima unkaguba monga mwa masiku onse, osaphonya. Ndinafinya chikhadabo cha chala chachikulu, n'kusiya.

"Ufuna chani pa chala changa?" anafunsa.

"Palibe, bambo."

Mvula inkasokosa pa malata. Ndinagwirabe dzanjalo, ndikudikira kuti magazi abwerere, koma chikhadabo chinali chikadali choyera.